Solilokwi ya Achimwene Anga

Achimwene anga, a Lawrence Mbewe, anaphunzitsa mabuku a ku Mangalande zaka makumi atatu muno mu Chipata. Ntchito anapuma, koma pakamwa sipanapume ayi. Chimwalirireni alamu anga, ine Edita ndi amene ndimawaphikira ku Nabvutika kuno, ndiye kalasi yawo yotsala ndi ine ndemwe. Ndiwo zikapserera amati, "Edita, iyi ndi trajede." Akuti trajede ndi sewero la munthu wolemekezeka amene amagwa chifukwa cha khalidwe lake lomwe, mapeto ake maliro. Ine ndimati vuto ndi mbaula, iwo amati vuto ndi ine. Mbuzi yathu itagundidwa ndi njinga yamoto anailembera eleje, ndakatulo yolira wakufa, n'kumaiwerenga ife tikusenda. Mayo ine!

Koma munthu wamawu onsewa akangoona a Sesiliya, amake Limbani, pakamwa pamauma gwa. A Sesiliya ndi mayi wamasiye, telala wa kumsika. Zaka zinayi achimwene akhala akuwapititsira mathalauza abwinobwino kuti awafupikitse. Ina yafupikitsidwa katatu, pano ikulekeza m'mawondo. Anawalemberanso masoneti asanu ndi awiri, ndakatulo zachikondi, iliyonse mizere khumi ndi inayi ndendende, onse ali kunsi kwa matiresi. Ndinawerenga poyala bedi, sindibisa.

Ndiye mwezi watha tinamva kuti Limbani wamangira amake nyumba ku Kitwe, ndipo a Sesiliya anyamuka Lolemba pa basi yam'mawa. Akapita, apitiratu.

Achimwene anakana chakudya masiku awiri. Tsiku lachitatu anatuluka kuchipinda akuvina.

"Edita! Solilokwi!"

"Imeneyo ndiye nthenda yanji?"

Anandikhazika pansi. Akuti m'masewero akale a Angerezi munthu amaima n'kulankhula yekha zakukhosi mokweza, ndipo lamulo lake n'lakuti anzake a m'seweromo sakumva, ngakhale ataima pambali pake. Loweruka kwaya yathu inali ndi sewero lotsanzikana ndi a Sesiliya, wolemba achimwene omwewo. Iwo adzakhala dalaivala wa thiraki wodikira mapepala pa boda ya Mwami, a Sesiliya wogulitsa nthochi. Adzanena zonse, mayiwo adzamva, koma saloledwa kuyankha. Zikakanika palibe manyazi, linali sewero chabe.

"Achimwene," ndinatero, "amenewa ndi mantha ovala suti."

Poyeserera ankangouza aliyense kuti, "Ndikayamba kulankhula ndekha, nonsenu ndinu miyala." Mawu enieniwo sanawatchule.

Loweruka masana holo ya kutchalitchi inadzaza, ena akusuzumira m'mawindo. Nthawi itakwana achimwene anabwera kutsogolo, dzanja pachifuwa.

"Ndatsala ndekha pano..."

Eee, anaiwala kuti kuno munthu salankhula yekha anthu n'kumangomuyang'ana! Mayi wina kumbuyo anakuwa, "Simuli nokha aphunzitsi, tilipo!"

Holo yonse: "Tilipooo!"

"Chonde, inu simukundimva," anatero achimwene.

"Tikukumvani bwinobwino! Pitirizani!"

Achimwene anapitiriza. "Pali mayi wina amene akakwera basi Lolemba, ine ndatha."

"Mutchuleni!"

"Si ameneyo ali kumbuyo kwanuyo!"

Ine ndinaseka mpaka chitenje chinamasuka. Koma kenako pepala limene ankawerenga linawagwa m'manja, ndipo kuseka kwanga kunathera pompo. Ndinawamvera chisoni achimwene anga, sindinama.

"Ndine wamantha," anatero. "Ndikudziwa mitundu yonse ya mabuku, koma ndalephera kuuza munthu mmodzi kuti asapite."

Tonse maso kwa a Sesiliya. Iwo ataima njo, beseni la nthochi pamutu, akuyang'ana khoma, osaphethira n'komwe. Mu holo yonse ija, amene anasunga lamulo la Angerezi anali iwo okha! Achimwene anadikira. Thukuta linatsikira m'kolala. Anakhosomola, anadikiranso, koma mayiwo osagwedezeka.

"Amake Limbani," ananong'ona, koma tonse tinamva. "Mwamva?"

"Munati ndisamve."

"Lamulolo... ndalichotsa."

A Sesiliya anatula beseni pansi mosafulumira, n'kupukuta manja pachitenje.

"Ndiye tembenukani. Anthuwa si amene akukwera basi. Muyang'ane ine, munenenso."

Achimwene anatembenuka. Ndinagwira mkono wa mayi amene ndinakhala naye pafupi, wosamudziwa n'komwe.

"Musapite."

"Zaka zinayi, bambo inu! Mawu amodzi okhawa?" Anapukusa mutu, misozi ili mbwembwembwe, akuseka. Nthungululu zinayamba, mabenchi akugwa, ndiye anachita kukuwa kuti ndimve: "A Edita! Muimbireni foni Limbani, mumuuze kuti Lolemba asandidikire pa siteshoni."