Tsiku Limene Firiji Inaumitsa Mankhwala a Amayi

Bambo anga ankakonza mafiriji asanadwale. Ankayenda pa njinga yakapalasa kuchokera kwathu, kufupi ndi Chiringa, kupita m'magolosale ndi m'nyumba za aphunzitsi. Kenako sitiroko inawagwira. Dzanja lamanja linafa, mwendo ankachita kukoka, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Akatopa, Chichewa chinkawathawa n'kuyamba kulankhula Chilomwe cha ubwana wawo, chimene ine ndimangomva pang'ono.

Nthawi imeneyo n'kuti nditapempha kuti andisamutsire ku sukulu yapafupi ndi kwathu kuti ndiziwasamalira awiriwo, pakuti nawonso Amayi amadwala shuga. Mankhwala awo obaya tinkasunga m'firiji, pa shelefu ya pakati. Anamwino anali atatichenjeza kuti azingozizira, asaume, chifukwa akauma ndi otaya.

Loweruka lina m'mawa, nyengo ya dzuwa, Amayi anandiitana kukhitchini. Anali atanyamula kabotolo ka mankhwala, akukayang'ana pa windo.

"Taona, mwanawe. Kauma."

Nditatsegula firiji ndinapeza tomato ali gwa, madzi a m'botolo atasanduka ayezi. Kumtunda koumitsira nyama, ayezi anali atakuta makoma onse. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti kwa masiku angapo injini yake inkangolira osapuma. Ndinkaimva ndithu, koma sindinkalabadira. Ndinachita manyazi kuwayang'ana Amayi.

Ndinakwera kabaza kupita kuchipatala kukatenga kabotolo kena. Namwino anandilangiza kuti ndikakasunge mu mtsuko wadothi, ndiukhazike pa mchenga wonyowa kufikira firiji itakonzedwa. Nditabwerako ndinauza Amayi kuti Lolemba ndikafuna wokonza ku boma. Bambo anali pa mpando wawo pakhonde. Anagogoda pansi ndi ndodo katatu.

"Wokonza ali pano," anatero, liwu lililonse likutuluka palokha.

"Inu bambo a ana, mukonza ndi dzanja liti?" Amayi anafunsa mofatsa.

Analoza ine. "La uyu."

Tinawanyamula ndi mpando womwe n'kuwakhazika kukhitchini. Anandiuza kuti ndizimitse firiji, nditsegule zitseko, ayezi asungunuke yekha. Nditatenga mpeni kuti ndifulumizitse, anandikalipira. Akuti anthu ambiri amaboola paipi ya gasi ndi mpeni, firiji n'kuferatu. Tinadikira mpaka masana, madzi akudontha m'beseni.

Anayambira pa zinthu zapafupi. Ndinapana pepala pachitseko kuti tione ngati labala ya m'mphepete mwake ikugwira bwino, ndipo pepalalo linakana kusololoka. Kenako ndinamasula chivundikiro cha m'kati, kumtunda kuja. Fani ndinaizunguza ndi chala, inazungulira bwinobwino. Pambali pake panali kanthu koyera, kakang'ono ngati mtedza, kolumikizidwa ku mawaya awiri.

"Sensa," Bambo anatero. "Ndi kamene kamauza injini kuti kwazizira, pumula. Kakafa, injini siidziwa."

Anandituma kukatenga mita yawo yoyezera magetsi. Ndinaipeza pansi pa bedi itachita fumbi. Pomwepo zinthu zinavuta. Ndinali nditazunguza kabatani ka mita molakwika, ndipo Bambo ankafuna kundiwongolera, koma mawu anawakanika. Anayesa kawiri, katatu. Anatambasula dzanja lamanzere kuti achite okha, mita n'kuwapulumuka kugwera pamiyendo. Anatembenukira kukhoma. Ndinaona misozi ikutsika tsaya limodzi, ndipo sindinadziwe ngati ndiwapukute kapena ndichite ngati sindinaone.

Amayi ndiwo anasendera pafupi n'kuwalankhula m'Chilomwe, motsitsa mawu. Bambo anayankha m'Chilomwe momwemo, ndipo mawu anayamba kuyenda. Kuyambira pamenepo iwo ankanena, Amayi n'kumandimasulira, ine n'kumachita.

"Akuti ubweze kabataniko kawiri kumanzere. Akuti ufumbate kanthuko m'manja katenthe, kenako ukaviike m'kapu ya madzi a ayezi. Manambala azisintha."

Ndinafumbata. Ndinaviika. Manambala a pa mita sanasunthe ngakhale pang'ono. Bambo anagwedeza mutu.

"Kafa," anatero.

Kuseri kwa nyumba kunali firiji ina ya mtundu womwewo, imene mwini wake anaisiya kalekale injini itapsa. Nkhuku zinkaikiramo mazira. Ndinachotsamo sensa yake, n'kuiyeza mofanana. Nditaifumbata manambala anatsika, nditaiviika m'madzi ozizira anakwera. Ndinailumikiza ku mawaya a firiji yathu, n'kukulunga ndi tepi. Bambo anandibwezetsa kawiri, akuti chinyontho chikalowa tidzayambiranso.

Titayatsa, injini inayamba kulira. Tinakhala pansi atatu kudikira. Amayi ankasankha nandolo m'lichero. Dzuwa linapendekera kumadzulo, mthunzi wa nyumba n'kufika pa mtengo wa mango, injini ikulirabe, ndipo ndinayamba kukayika. Mwadzidzidzi kunamveka kuti tha, injini n'kusiya kulira. Bambo anatsinzina, n'kupuma mozama. Sanamwetulire. Anangopempha kuti tiwathandize akagone, ndipo tsiku limenelo sanadye chakudya chamadzulo.

Mankhwala sitinawabwezeremo msanga. Kwa masiku awiri tinkaikamo kapu ya madzi pa shelefu ya pakati, ndipo madziwo ankazizira osauma.

Patapita sabata, Bambo anandiuza kuti ndibweretse kope ndi cholembera. Ankafuna ndilembe zimene ankadziwa, vuto lililonse ndi kakonzedwe kake. Tinkalemba Lamlungu tikabwera ku tchalitchi, Amayi ali pakati pathu kumasulira. Masiku ena ankatopa tisanamalize ngakhale ndime imodzi. Anamwalira m'nyengo ya mvula, chimanga chili m'mawondo. Tinali titalemba masamba asanu ndi awiri, ndipo la chisanu ndi chitatu lili ndi mutu wokha, wonena za firiji imene yatha gasi.