Mabotolo Amene Mateyu Anatsegula Tsiku Limodzi

Ndinakhala patebulo limodzi ndi mnzanga amene ankatitsanzika, ine osazindikira. Ndinadya nsomba yake, ndinamwa vinyo wake, ndinaseka mpaka misozi, kenaka n'kumusiya yekha pakhonde. Inu owerenga, ndikufotokoza izi kuti musadzakhale ndi maso osaona ngati anga a tsiku limenelo.

Mnzangayo ndimutchula kuti Mateyu, ngakhale si dzina lake lenileni. Tinakulira limodzi kwa Mponda ndipo tinkaimba kwaya imodzi kutchalitchi. Ine ndinakhala mphunzitsi, iye n'kupita ku Joni komwe anagwira ntchito yoperekera zakudya m'mahotela. Atabwerako anapeza ntchito yomweyo pahotela ina cha ku Makokola. Ku Joniko anaphunzirako za vinyo, ndipo anabwera ndi mabotolo angapo amene ankawasunga chogoneka m'kachipinda kamdima. Kukatentha monga mmene kumatenthera kuno ku Mangochi, ankawafunditsa ziguduli zonyowa. Ankati vinyo wabwino amakoma akakalamba, ndipo mabotolowo adzatsegulidwa paukwati wa mwana wake mmodzi yekhayo, Tadala. Tikamunyengerera kuti tilaweko, ankangoseka n'kutiuza kuti tidikire mkamwini.

Kenaka mkazi wake anamwalira. Pasanapite nthawi manja ake anayamba kunjenjemera, akugwetsa matambula pamaso pa alendo, ndipo kuntchito anamupumitsa. Tadala anali pantchito ku Blantyre. Mateyu anasiya kubwera kubawo, kukwaya ankangojomba, ndipo ukamuimbira foni ankayankha mawu awiri basi. Ife tinkati ndi maliro, adzazolowera.

Loweruka lina m'nyengo yotentha anatiitana ku chakudya chamasana, ine, Filipo amene ndi dalaivala, ndi Che Saidi ogulitsa nsalu mumsika. Mawu ake pafoni anali opepuka ngati akale, ndipo ndinauza mkazi wanga kuti mnzathu uja wadzuka.

Titafika tinapeza pabwalo posesedwa bwino kuposa masiku onse. Galu wake, amene ankatithamangira nthawi zonse, panalibe, ndipo Mateyu anati wamupereka kwa alamu ake. Pakhoma la pabalaza panali misomali yokhayokha, zithunzi zonse zitachotsedwa. Iye anali atavala malaya oyera a kuntchito aja, ositidwa. Anaphika yekha chambo chootcha, mpunga ndi kachumbali. Che Saidi, poti ndi Msilamu ndipo mowa sakhudza, anawakonzera madzi a malambe.

Mabotolo onse anali patebulo, atandandalikidwa.

Anayamba ndi vinyo woyera, amene anati amayenda ndi nsomba. Anatiphunzitsa kugwira tambula kumwendo kwake, kuizunguza pang'ono, kununkhiza, kenaka kulawa osameza msanga. Filipo anati akumva fungo la matabwa onyowa, tonse n'kufa nazo. Kunabwera wofiira wopepuka, kenaka wina wakuda bii, womanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa, koma ukameza kukoma kwake kumatsalira kukhosi. Botolo lililonse linali ndi nkhani yake. Lina anapatsidwa ndi bwana wake woyamba, lina anagula tsiku limene mkazi wake anamutsatira ku Joni. Manja akamanjenjemera pothira, ankagwira dzanja lina ndi linzake, osalola kuti wina amuthandize. Mwini wake sankamwa kwenikweni. Ankangonyowetsa milomo n'kumatiyang'ana kumaso mmodzimmodzi, nthawi yaitali.

Atagwira botolo lomaliza, la chaka chimene Tadala anabadwa, ndinamufunsa moseka ngati mkamwini wapezeka mwakabisira. Anayankha akutsegula, osandiyang'ana.

"Ukwatiwo mudzavina ndinu, achimwene. Ine ndafuna ndione anzanga akumwa."

Ndinamva mawu amenewo ndi makutu anga, koma vinyo anali atandifewetsa mutu, ndipo ndinangokweza tambula.

Titatha kudya anayamba kugawa zinthu. Filipo anamupatsa njinga, Che Saidi bawo lake la mtengo wa mlombwa, ine jekete imene ndinkaisirira kuyambira kale. Anapepesa Filipo pa mkangano wina wakale umene Filipoyo anali ataiwala. Anatithokoza mmodzimmodzi, aliyense pa chinthu chake, ine pa kunyamula nawo bokosi la maliro a mkazi wake.

Che Saidi anali atasiya kuseka kalekale. Anamupempha Mateyu kuti akagone kwawo, akaone ana, koma iye anakana mwaulemu kuti ali ndi zoti alongosole. Tili pachipata, Che Saidi anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, munthu uyu sali bwino. Inu mumakhala pafupi, tsalani naye. Ine ndikatseka sitolo mochedwa."

Ndinawayankha kuti akuona zachilendo chifukwa sanamwe nawo, ndipo munthu akayamba kusangalala tisamukumbutsenso maliro. Kunena zoona, mumtima mwanga munali kachinthu kozizira, koma ndinachita manyazi. Ndikanamufunsa chiyani mwamuna mnzanga, wamkulu ngati ine? Ndinacheuka n'kumuona ataima pakhonde, manja kumbuyo monga ankaimira kuntchito, akutiyang'ana mpaka tinakhota. Ndinafika kunyumba n'kugona tulo ta vinyo.

M'mawa mwake, ndikuchokera kutchalitchi, ndinaona anthu atadzaza pabwalo losesedwa lija. Alamu ake ndi amene anamupeza. Mateyu anali atadzipha.

Amene anaimbira foni Tadala ndine. Atalira n'kutonthola pang'ono, anandifunsa funso limene mpaka lero limandidzutsa: "Amalume, dzulo munali nawo. Sananene kanthu?" Zoona zake n'zoti bambo ake ananena zonse. Che Saidi sanandidzudzulepo ngakhale kamodzi, iwonso amadziimba mlandu kuti akanasiya sitoloyo. Filipo njinga ija sanaikwerepo.

Patapita nthawi, mlangizi wina wa kuchipatala anandifotokozera kuti munthu amene wakhala wachisoni nthawi yaitali akapepukidwa mwadzidzidzi, n'kuyamba kugawa zinthu zake ndi kupepesa anthu, nthawi zina amakhala atatsimikiza kale zochoka. Anatinso kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira khomo loti alankhule. Sindinganene motsimikiza kuti ndikanatsala bwenzi ali moyo. Chimene ndikudziwa n'choti sindinayese.

Inu owerenga, makamaka amuna anzanga amene timakumana pabawo ndi pachakumwa koma osafunsana za mumtima, mnzanu akafedwa kapena ntchito ikamuthera, musadikire kuti azolowere yekha. Muzimuyendera ngakhale asakuitaneni. Mukaona zinthu zosamveka bwino, musaziphimbe ndi nthabwala, ndipo wina amene mutu wake uli bwino akakuchenjezani, mverani. Khalani naye, mufunseni mosapita m'mbali, itanani abale ake, mupite naye kuchipatala, kwa abusa kapena kwa ashehe. Mwina adzakwiya kuti mukumulowerera. Akwiye ndithu. Mnzanu wokwiya mungathe kukamupepesa mawa.