Mimba ya Rozita imene kunalibe

Ayi, namwino wake anali wamwamuna. Wamkazi uja tsiku limenelo kunalibe, ankati wapita kukaphunzira ku Tete. Uyambire pomwepo kulemba, Adelina, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ndipo ulembe momwe ndikuyankhuliramu. Usakometse ndi Chiputukizi chako cha kushikola, ndikufuna amve amayi a m'midzi muno pagulu lathu la pafoni lija.

Lemba kuti ine ndine mayi ake a Rozita. Eya, amayi ako aang'ono, ngakhale iwe ndiwe unayamba kuona dzuwa. Mzime wanga ameneyu, ndinam'bereka anthu akundiseka kuti nkhalamba ikupikisana ndi ana ake. Zaka khumi ndi zisanu. Ali pashikola, kutchalitchi amaimba kwaya. Dzina la chipatala usalembe, eni ake akudzidziwa.

Mwana anayamba kudandaula Lamulungu tikuchokera kopemphera. Pamchombo apa. Ine ndinati ndi mango osapsa awa, ndinamukalipiranso. Kutacha ululu watsikira mmunsi, mbali ya kumanja. Kusanza. Thupi moto. Kuti aongoke, zosatheka, akuyenda chowerama ngati ine.

Anthu sanachedwe kubwera ndi nzeru zawo. Wina ati ndi njoka za m'mimba. Wina ati likodzo, poti amachapa kumtsinje. Wina ati ndi cham'mimba cha atsikana, chidzatha akadzabereka. Wina mpaka kufunsa kuti ndani anathira mchere m'ndiwo. Ine ndati zikomo nonse, koma boma linatimangira chipatala ndipo pa wailesi amatiuza kuti tisamachedwe ndi mizu. Ndinamvera boma ine. Lemba zimenezo, kuti ndinamvera.

Lachiwiri mmawa bambo ako anamukweza panjinga. Kupalasa ayi, ankangokankha, chifukwa tayala likagunda kamwala mwana ankaluma chitenje. Ine pambuyo ndi miyendo yangayi.

Tinafika dzuwa litakwera pang'ono. Linali tsiku la sikelo. Khonde lonse amayi ndi makanda, bisha, mzere wa anthu, mpaka pamtengo wa mango. Pabenchi abambo odikira mankhwala. Ndipo pakati pa amayiwo panali akazi a mkulu wa mpingo wathu, atabereka mdzukulu. Amenewo uwalembe, chifukwa akubweranso kutsogoloku.

Enferimeru, namwino wachinyamata wovala zoyera uja, anali atatulutsa tebulo lake pakhonde. Akuti mkati mukutentha. Ndiye odwala ankawaonera pomwepo, aliyense akumva za mnzake. Wa chotupa, tonse tinadziwa pamene chili. Kodi chipindacho anamangira mbuzi?

Nthawi yathu inakwana dzuwa lili paliwombo. Rozita wakhala pampando, wagwira mmbali. Ine ndayamba kufotokoza bwinobwino, kuyambira Lamulungu. Sanandilole nditsirize. Maso ali pafoni, amvekere, iwe, kumwezi unapita liti komaliza.

Adelina, nawenso unalangizidwa, ukudziwa. Anamkungwi amati chiyani? Za kumwezi sizinenedwa pamaso pa mwamuna. Ngakhale bambo ako okubereka sayenera kudziwa. Tsono apa wofunsa ndi mwamuna, pabenchi pali amuna, mlamu wake waima poteropo ndi njinga. Mwana anangozolika.

Anafunsanso mokweza, ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. Khonde lonse maso kwa ife.

Ine ndati, bambo, pepani, tiloweko mkati. Kapena ndimufunse ine kumbali ndikuuzeni. Akuti kodi wodwala ndi inu agogo? Ndati ayi, koma mwana wolangizidwa sangayankhe zimenezo pagulu. Anaseka. Akuti atsikana a masiku ano akakhala chete chonchi yankho timalidziwa kale. Akuti mwana wanuyu ali ndi mimba, mwinanso wamwa zochotsera, mukungotitayitsa nthawi. Akuti amayi, onani, ndi zimene timakuuzani zija.

Amayi, onani. Mwana wanga anamusandutsa phunziro la pasikelo.

Ndisanene bodza, anamuyeza. Anamupatsa kabotolo kuti akataye madzi, n'kuviikamo kamtengo kawo koyezera mimba kaja. Tinadikira. Atakayang'ana, nkhope inasintha pang'ono. Ndati, bwanji bambo? Anayankha chapansipansi, moti ndinachita kuweramira patebulo kuti ndimve. Akuti mulibe. Ndati, mwati chiyani? Akuti mulibe mimba agogo, tengani mapiritsi awa a njoka ndi awa a ululu, wotsatira.

Mawu aja ofika kutsidya la mtsinje anapita kuti? Anathera pa bodza?

Ndipo m'mimbamo sanagwiremo. Ngakhale chala chimodzi. Mwana wanena kuti mukuwawa mmbali umu, iye osagwira, osamugoneka, osaona kutentha kwa thupi. Ine sindinapite kushikola, koma mbuzi ikatupa mimba ndimayamba ndaigwira ndisananene chimene yadya. Akazi a mkulu wa mpingo nthawi imeneyo n'kuti atanyamuka kale. Ananyamula zoyamba zija, zachiwirizi sanazimve.

Tinabwerera kunyumba ndi mapiritsi athu a njoka. Lachitatu mwana osadzuka. Mimba gwa, ngati thabwa. Ukangokhudza mphasa imene wagona, akulira. Bambo ako anati amayi, uku ndi kudikira maliro. Anapeza mota, njinga yamoto ija, Rozita pakati, ine kumbuyo ndamugwira, mpaka kumsewu waukulu. Tinadutsa pamalire a Kasakatiza n'kulowa ku Zambia, kuchipatala chachikulu.

Tsono tamva izi, chifukwa ena adzati nkhalamba ikudana ndi mafunso. Adokotala a kumeneko anafunsanso funso lomwelo. Anandifotokozera kuti mtsikana akamva kuwawa mmunsi zifukwa n'zambiri. Ikhoza kukhala mimba yokhala posayenera, chikhodzodzo, thumbo, kapena za kumwezi zomwezo, ndiye kufunsa n'koyenera. Ine sindikana. Koma iwo anatseka chitseko, bambo ako anawatulutsa panja, anaitana namwino wachizimayi. Rozita anayankha zonse. Pakamwa anali napo nthawi yonseyi.

Anamugoneka n'kudina mmbali muja. Atachotsa dzanja mwana anakuwa. Akuti ndi kathumbo kakang'ono katupa, amati apendikisi, ndipo kakaphulikira mkati munthu amapita. Tsiku lomwelo anamung'amba. Adokotala atatuluka anandifunsa kuti mayi, munachedweranji? Ndati sindinachedwe, ndinafika dzulo pachipatala cha kwathu, anandipatsa mankhwala a njoka. Anangopukusa mutu.

Moyo wa mwana wanga ulipo, Mulungu ndi wamkulu. Koma usaganize kuti ndatha. Tayika foni bwino, dzanja likatopa usinthe.

Tabwerako, mudzi wonse ukudziwa kuti Rozita anachotsa mimba. Kumjigo akulowa, amayi akusiya nkhani. Ndikati anamuchita opirasau, anamung'amba chifukwa cha thumbo, akuti eya, opirasau, tikudziwa, n'chifukwa chake munathawira ku Zambia kuti tisaone. Chipsera chimene chapulumutsa mwana wanga chasanduka mboni yomutsutsa. Kwaya amuimitsa. Akulu a mpingo atumiza mawu kuti Lamulungu likubwerali akaime kutsogolo aulule. Aulule chiyani? Thumbo? Kushikola akukana kupita. Wangokhala m'nyumba umo, ukumuona wekha. Dzulo anandifunsa kuti amayi, bwanji munandipititsa kuchipatala, si bwenzi anthu akundilira mwaulemu. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu kunena mawu amenewo.

Ndinakawauza akulu a mpingo zimene ananena adokotala a ku Zambia. Akuti ife tinamva za enferimeru wa boma, amene ananena pamaso pa anthu. Akuti iyeyo akasintha mawu, ifenso tisintha.

Ndiye Lachiwiri lapitali ndinabwerera, ndekha, wapansi. Tsiku la sikelo lomwe, khonde lomwelo, tebulo lili panja. Ndinaima pabisha ngati wodwala. Itakwana nthawi yanga ndati, bambo, mukundikumbuka? Akuti odwala ndi ambiri. Ndati ndine mayi wa mtsikana uja munati ali ndi mimba, kamtengo kanu n'kukana. Sindinabwere kudzakangana. Ndikungopempha kuti muwauze amayiwa zimene kamtengo kananena.

Ukudziwa anandiyankha chiyani? Lemba bwino apa, usalakwitse. Akuti agogo, zotsatira za wodwala ndi chinsinsi. Akuti malamulo satilola kuulula pagulu.

Chinsinsi. Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina akuuza wina.

Ndati, lamulo limeneli lafika liti, ndi galimoto ya mankhwala ya sabata ino? Pamene munkanena za mimba, linali ku Tete limodzi ndi mnzanu wamkazi? Amayi ena anaseka chogwira pakamwa. Iye akuti mukusokoneza ntchito, mukapitiriza ndiitana mlonda. Mlondayo ndi mwana wa mng'ono wanga, anangoyang'ana kumwamba ngati akuona mvula.

Tsono inu ashefi a zaumoyo ku Chifunde, ndikudziwa ana anu ali pagulu la pafonili, akuwerengerani. Ine sindikupempha kuti munthu achotsedwe ntchito, nayenso ali ndi amake. Ndikufunsa kuti tebulo lija likutani pakhonde? Ndikufunsanso kuti munthu wodandaula m'mimba amachoka bwanji osagwiridwa m'mimba? Ndipo chachikulu, mumutume mnyamata wanuyo lisanafike Lamulungu akawauze akulu a mpingo wathu kuti anayeza ndipo munalibe kanthu. Mwini chinsinsi ndi Rozita, ndipo walola. Ine mayi wake ndalola. Watsala ndani?

Inu amayi anzanga, mwana akati mukuwawa mmunsi kumanja, akusanza, sakuongoka, musadikire mizu ndipo musakhutire ndi mapiritsi a njoka. Muumirire amugoneke, amugwire. Akafuna kumufunsa za kumwezi, muyambe ndinu kunyamula mpando kulowa nawo mkati. Ndipo mwana mumuuziretu kuti kwa dokotala, chitseko chikatsekedwa, ayankhe. Ife tinalangiza ana kukhala chete, sitinawauze kuti kuli malo amene chete amapha.

Lamulungu Rozita saima kutsogolo kwa mpingo. Akapanda kubwera enferimeruyo, ndikaima ndine, ndipo ndikayankhula mpaka a kwaya amve njala.

Wati chiyani? Mapiritsi anga a kuthamanga kwa magazi? Ndikudziwa kuti ndimatenga pomwepo, chipatala china kulibe. Akafuna andimane. Ine zanga ndadya kale, mwanayu ndiye sanayambe. Usafufute kalikonse, ndipo usandiwerengerenso, ndingawonjezere zina zoti zingatimangitse. Pita pachulu paja pamene foni imagwira. Tumiza pompano, bambo ako asanabwere kudzatiuza kuti tizisiye.