A Fomyula ndi Dizilo wa a Chipewa

"Iwe wangomaliza sukuluwe, kodi 100 ndi wamkulu kapena wamng'ono kwa 100?"

Anafunsa motero malume a mtsikana wina, monong'ona kuti madalaivala panja asamve. Iye anali atawabweretsera chakudya chamasana, ntchito yokhayo imene anali nayo chimalizireni mayeso.

Malumewo anali kalaliki pa kampani ya malole. Analowapo ngati wotsegula geti, n'kukwera chifukwa chodziwa kuseka nthabwala za bwana zisanathe n'komwe. Madalaivala ankawatchula kuti a Fomyula. Ulemu wawo wonse unagona pa kamzere kamodzi ka masamu ka mu kompyuta, kotchedwa fomyula, kogawira dizilo: lole iliyonse malita 10, ulendo ukayambira makilomita 50 koma wochepera 100, onjezani 20, ukaposa 100, onjezani 40. Kamzereko anakapeza katalembedwa kale ndi kalaliki amene anachoka, koma ankakafungatira ngati anakabereka okha. Munthu akayandikira, ankapendeketsa sikirini. Makiyi a pampu ankayenda nawo m'thumba. Tchuthi sankatenga, kuopa kuti wina angadinepo n'kuona kuti nzeru zonse za ofesiyo n'zazitali ngati chala.

Tsono kunabwera ulendo watsopano wa kufakitale ya njerwa, makilomita 100 ndendende kupita ndi kubwera. Unagwera dalaivala wachikulire amene anzake ankangomuti a Chipewa. Kamzere kaja kanaona kuti 100 sanapose 100, komanso si wochepera 100, kanangopereka malita 10 oyamba aja. A Chipewa anadandaula, koma anayankhidwa kuti kompyuta sinama, azipita. Lole inakazimira pakati pa msewu, njerwa zili pamwamba. Bwana anati dizilo wagulitsidwa, ndipo akaona pepala la dizilo, wina achoka ntchito.

Pa funso la malume lija, mtsikana anayankha kuti ziwirizo n'zofanana, ndipo n'chifukwa chake ulendowo unagwera pakati. Anatambasula dzanja kuti awasonyeze pofunika kuwonjezera kachizindikiro kofananitsa, poti aka kanali koyamba munthu wa mu ofesi kumufunsa kanthu. Malume anamumenya kadzanjako. Pamzere wa a Chipewa anafufuta 10, n'kulemba 30 ndi zala zawo zamafutazo, kenaka anasindikiza pepala.

"Ndikakonza ndiye kuti ndavomera kuti panali polakwika," anatero akutsegula mbale. "Ndipo usaiwale amene akukufunira malo a ntchito pano, mwanawe."

Za malowo anali atamulonjeza kambirimbiri, makamaka akafuna kuchapiridwa malaya.

Potuluka anapeza a Chipewa atakhala pa tayala lakutha, makiyi a lole atalandidwa kale. Ankafotokozera wotsuka magalimoto kuti mwina mutu wawo wayamba kukalamba, chifukwa iwo akukumbukira malita 10, koma pepala likuti 30. Mkati, malume ankamveka akuseka ndi bwana, kuseka kuja kotsogola.

Mtsikana anafika mpaka pageti, mbale ili m'manja. Sankadzinamiza kuti ndi chifundo chokha. Ankafunanso kuti bwanayo adziwe nkhope yake, amve kuti wobweretsa chakudyayu amatha kuwerenga kamzere kaja. Ankadziwanso kuti madzulo ano zovala zake zikhoza kupezeka zitatayidwa pakhonde pa malume, kumene ankakhala. Anasiya mbale kwa mlonda, napukuta manja pa siketi, n'kutsimikiza kuti akagogoda kwa bwana a Chipewa asananyamuke pa tayala paja.