Dzanja la a Ilaitia pa Chumuni

M'mawa uliwonse, asanamwe n'komwe tiyi, a Ilaitia ankapita pa chumuni yatsopano ya fakitale ya shuga n'kuika dzanja pa chitsulo chake. Ankaima choncho atatsinzina, milomo ikuwerenga.

"Madala, mukuifunsira mbeta chumuniyo?" ankatero Semesa wowotcherera zitsulo.

"Iwe, kasambe kaye, tikambirane bwino," ankayankha osacheuka.

Njerwa zopirira moto za mkati mwa chumuniyo anayala ndi iwowo. Zaka makumi atatu pa ntchitoyi, njerwa yawo inali isanagwepo. Koma chaka chimenecho, mphepo ya kunyanja ikangowomba, chumuni inkayamba kudzandira, njerwa n'kumang'ambika. Akuluakulu anati a Ilaitia akalamba, nzimbe zikatha apume.

Kunyumba sankakhazikika. Akhala pansi, adzuka, asuzumira pawindo. Chinangwa ndi nsomba zinkazizirira m'mbale.

Pepala la Ashneel, injiniya wochokera ku mzinda wa Suva, linkati chumuniyo ikagwedezeka izipita n'kubwera kakhumi pa masekondi khumi. Dzanja la a Ilaitia linkapeza kasanu ndi kawiri, tsiku ndi tsiku. Koma mlendo sumutsutsa pagulu. A Ilaitia anagula mtolo wa mizu ya kava, mphatso yaulemu ya kumeneko, nalowa mu ofesi ya Ashneel, nakhala pansi, nawomba m'manja.

"Bambo, dzukani chonde, mpando uwu," anatero Ashneel mwamanyazi.

"Mpandowo ngwanu, bwana. Ine ndili ndi kafunso kamodzi. Powerengera muja, njerwa zanga munaziikamo?"

"Njerwa sizilimbitsa chitsulo, bambo. N'zotchinga moto basi."

"Kulimbitsa ayi. Nanga kulemera? Taberekani mwana kumsana, tione ngati muvine msanga."

Ashneel anaseka, kenako kuseka kunatha. Anatsegula mapepala, chala chikutsika mzere ndi mzere. Anali atawerengera chitsulo chokha. Ataonjezamo kulemera kwa njerwa, yankho linabwera kasanu ndi kawiri: liwiro lomwelo limene mphepo ya kunyanja inkakankhira chumuni, ngati munthu wokankha katungwe.

"Kavayu ndikanabweretsa ndine kwa inu," anatero motsitsa mawu.

Semesa anatumidwa kumwamba kukawotcherera malamba achitsulo ozungulira kukamwa kwa chumuni, oti azisokoneza mphepo. Atatsika, a Ilaitia anamufunsa ngati mbeta ija yamulola. Za kupuma palibe anazitchulanso.

Chinawapumitsa ndi chifuwa. Fumbi la njerwa la zaka zonsezo linawagoneka pamphasa nzimbe zisanathe. Masana ena malata anayamba kulira ndi mphepo ya kunyanja ija. A Ilaitia anayesa kudzuka, koma zinakanika. Anaitana mwana wawo Salanieta, amene ankayamwitsa khanda pakhomo.

"Musiye pano mdzukulu wangayo. Thamanga ukaike dzanja pa chumuni. Usafulumire kulichotsa. Ukawerenge bwinobwino, udzandiuze."