Kamwala ka Ba Nyaphiri

Mdzukulu wanga wabwera ndi kamwala koyera kuchokera kusukulu, akuti ndi mchere, dzina lake alamu. Ndalawa, lilime lathina, ndaseka ine, mumtima ndabwerera ku komboni yathu ya Kanyama.

Masiku a chitupa aja, nthawi ya atsamunda, dzinja, madzi a pachitsime anali ofiira ngati thobwa. Tsiku lina ndinaona Ba Nyaphiri, mkazi wachilendo wa ometa tsitsi, akuzunguza kamwala mumgolo mwathu, n'kukabisa m'chitenje. Ine Tisa ndinathamangira kwa amayi: "Atithirira mankhwala!"

Azimayi anasonkhana, ena akuti achoke mukomboni lero lomwe.

"Mwaikamo chani, imwe?" anafunsa amayi.

"Khalani pansi, bamake Tisa, mgolo uyankha wokha."

Tinakhala, maso pamgolo. Matope anatsika, anatsika, madzi n'kuyera mbee. Amayi anatunga, n'kuwapatsa: "Yambani ndimwe." Anamwa makapu awiri, n'kugeya.

Ine ndinawalondola sabata yathunthu, kudikira kuti agwe. Anadzagwa ndithu, koma ndi imvi, mano atatha. Sindinawapepese mayi aja, chonsecho madzi awo ndinamwa mpaka kukwatiwa.