Mbuzi ya Chikole

Chaka chimene ndinapeza ntchito yoyeza chimanga pa kantina ya ku Mualadzi, sitolo yogula mbewu, ndinalibe mbale pafupi woti andisunge. Kwathu kunali ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Ndinapeza kanyumba kuseri kwa nyumba ya bambo wina wosoka zovala, amene ankakhala ndi makina ake pakhonde.

Tinagwirizana kuti ndizilipira mwezi ukatha, koma anati ndiyambe ndasiya chikole, kuopa kuti ndingawononge nyumba kapena kuchoka osatsanzika. Ndalama ndinalibe. Amayi anandipatsa mbuzi yawo yaikazi, imodzi yokhayo imene inatsala atate atamwalira. Pondipatsa chingwe anangoti, "Ibwerenso."

Kulemba ndinkadziwa, ndinaphunzira ku sikola ya ansembe, koma ndinachita manyazi kunena kuti tilembe papepala. Zikanaoneka ngati ndikukayikira munthu wamkulu. Mboni anali akazi awo okha, amene ankapeta mapira pomwepo osadzutsa mutu.

Palibe anandiuza kuti ndiziweta mbuziyo. Ndinangoyamba ndekha. Mmawa ndinkakaimangirira kudambo, madzulo ndikaweruka n'kukaitenga, ndi mbuzi zitatu za bambowo zomwe. Ndinkafuna azinena kuti mnyamata uja ndi waulemu. Mvula ili mkati, mbuzi ya amayi ija inaswa ana awiri.

Ntchito itatha ndinasesa m'nyumba, ndinazira pansi, ndipo ndinapita kukagwada pakhonde.

"Bambo, mawa ndikubwerera kwathu. Ndimati ndipemphe mbuzi ija."

Sanasiye kupalasa makina. "Chitseko wachiona? Chikulendewera."

"Ndinachipeza chotero, bambo. Koma ndasokererapo chikopa chatsopano."

"Chabwino. Make tenga. Ana ndi anga, anabadwira m'khola langa."

Ndinati zikomo. Ndithu ndinati zikomo, ndipo ndinayamba kudzuka. Ndinkangoganiza zimene ndikawauze amayi, chifukwa uthenga wa ana awiriwo ndinali nditawatumizira kale.

Akazi awo anatuluka m'khitchini atanyamula nkhuni yofuka.

"Khala pansi, mwanawe. Inu abambo, mwambo wake ndi wotani? Wosunga mbuzi ya mnzake amalandira mwana mmodzi, osati onse. Ndipo amalandira chifukwa choweta. Inu munaidulirapo tsamba ndi limodzi lomwe?"

"Khola ndi langa."

"Khola tinamanga ine ndi mlongo wanga, inu mukusoka kabudula wa mesenjala. Mwanayu waweta zathu zomwe chaka chonse. Tikati tiwerengerane, wopereka mbuzi ndi inu."

Bambowo anayang'ana singano, kenaka anati, "Nkhani za mbuzi n'za akazi. Tenga zonse."

Mmawa mwake ndinamasula make ndi ana onse awiri. Nditafika pampanda ndinaima. Ndinaona ngati ndikuchoka moipa. Ndinabwerera n'kupereka kamwana kakakazi kwa mayi aja. Anakana kawiri, kachitatu analandira.

Ndinafika kwathu dzuwa litapendeka. Amayi anaigwira mbuziyo m'nthiti, anaona kuti yanenepa, kenaka anayang'ana kumbuyo kwanga.

"Unati awiri."

Ndinafotokoza zonse, osabisa ndi zikomo uja.

"Ndiye wasiya kamkazi, wabweretsa katonde?"

"Inde, amayi."

Anamangirira mbuziyo pamtengo wake wakale. "Make wabwera," anatero. "Ulendo wina uzikalemba. Ku sikola tinakutumiziranji?"